KHOLA LA AKALULU: PANSI PACE NDI ZIPUPA ZACE

M'makomboni a ku migodi ndi m'matauni, monga ku Kitwe, Mufulira, Kabwe ndi Lusaka, muli mabanja amene aweta akalulu kuseri kwa nyumba. Ena aweta kuti apeze ndiwo, koma ena asunga akalulu awiri okha cifukwa ana awakonda monga akondera galu kapena mphaka. Nkhani ya lero iri ya khola la akalulu otere. Kalulu angathe kudya bwino masiku onse, koma nkufa cifukwa ca thabwa limodzi loipa limene mwini wace anakhomera pa khola. Pamenepo ndalama zatayika, ndipo mwana amene anali kumdyetsa atsala ali kulira.

Kalulu woweta ndi wosiyana ndi kalulu wa m'chire wa m'nthano zija. Wa m'chire agona pa udzu, koma woweta anacokera kwa akalulu a ku Spain ndi Portugal amene akumba mauna pansi. Tsono womanga khola ayenera kudziwa zinthu zitatu. Coyamba, kalulu akumba. Caciwiri, atafuna ciri conse cimene mano ace afikapo, pakuti mano ace saleka kukula. A kutsogolo akula ngati mamilimita 2 pa sabata. Ndiponso kalulu sangathe kusanza, motero cimene wameza cimupweteka m'kati kufikira cituluke. Cacitatu, ku mapazi kwace kulibe cikopa cokhuthala conga ca galu, kuli ubweya wokha.

Anthu ambiri ayala waya pansi pa khola kuti ndowe zizigwa zokha. Nzeru imeneyi icepetsa nchito, koma kalulu akakhala pa waya usana ndi usiku ubweya wa ku zitendene uperepeseka, ndipo pabuka zironda zimene zibvuta kupola. Akalulu akulu olemera ndiwo abvutika msanga. Ngati munthu afunabe waya, asankhe wolimba woocherera, wa maso ang'ono kuti mwendo usalowe, ndipo aike thabwa losalala kapena mphasa pa mbali yaikulu ya khola, kuti kalulu apeze popumulira.

Pansi poterera paliponso ngozi. Mafupa a kalulu ali opepuka, koma miyendo yace ya kumbuyo iri ndi mphamvu zambiri. Akadzidzimuka pa lata, pa matailosi kapena pa sementi yopukutidwa ndi polishi, aterereka, ndipo angathe kuthyoka msana. Ana a kalulu okulira poterera nthawi zina miyendo yao itagadza, osathanso kuyenda bwino.

Pansi pabwino ndi pa sementi yosaterera kapena pa njerwa zoocha zoyalidwa bwino. Pamenepo kalulu sangakumbe, makoswe sangatulukire pansi, ndipo nkosabvuta kutsuka. Womanga apendeketse pang'ono kuti madzi azituluka. Koma sementi yokha iri youma ndi yozizira m'miyezi ya June ndi July, cifukwa cace payenera kuyalidwa udzu wouma wambiri kapena mphasa ya bango. Zimenezi kalulu akatafuna palibe kanthu. Zoopsa ndizo kapeti wakale, matumba a pulasitiki a ufa, siponji ndi mphira, pakuti ulusi ndi zidutswa zace zitseka matumbo. Utuci wosalala nawonso si wabwino, popeza pfumbi lace lilowa m'mphuno ndi m'maso.

Udzu wonyowa ucotsedwe tsiku ndi tsiku. Mkodzo ukakhalitsa utulutsa pfungo loyabwa limene lidwalitsa kalulu cimfine ndi cifuwa. Ndowe zonyowa zifalitsa matenda otsegula m'mimba amene apha ana a kalulu, ndiponso ziitana nchenche zimene ziikira mazira pa ubweya wakuda, nizibala mphutsi. Kalulu akonda kukodza pa ngondya imodzi, motero mbale yaikulu yokhala ndi udzu ikaikidwa pamenepo nchito icepa. Zoyera zonga laimu zimene mkodzo usiya zicoka ndi viniga wosakaniza ndi madzi.

Ena akonda kusiya akalulu pa dothi kuti azikumba monga mwa cibadwa cao. Nkwabwino, koma waya wa mpanda ukwiriridwe pansi masentimita 30 kapena kuposa, kuti kalulu asatulukire pansi ndi galu asalowe. Koma anthu a ku Kabwe acenjere. Mgodi wa mtobvu wa kumeneko unatsekedwa m'caka ca 1994, koma mtobvu unatsala m'dothi la makomboni oyandikana ndi mgodiwo, monga Kasanda, Makululu ndi Chowa. Kalulu wokumba m'dothi lotero ameza pfumbi podzinyambita. Kumeneko khola likhale pa sementi kapena pa miyendo, ndipo udzu wodyetsa ufunidwe kutali ndi mgodi.

Za zipupa, akulu anati cikome-kome ca mkuyu m'kati muli nyerere. Thabwa lopakidwa utoto wowala lioneka bwino, koma utoto wina, maka-maka wakale, uli ndi mtobvu. Kalulu amene waudya aleka kudya, afoka, naonda pang'ono-pang'ono. Matabwa obiriwira amene anathiridwa mankhwala oletsa ciswe, ena a iwo ali ndi aseniki, amene ali ululu woopsa. Mitengo yakale ya njanji ndi mapolo akuda onunkha phula ziri zoipa cimodzi-modzi. Pali mwambo wopaka oili wakale wa galimoto pa matabwa kuti ciswe cisadye. Pa khola la akalulu mwambo umenewu ulekedwe. Matabwa a fakitale opangidwa ndi utuci ndi guluu atupa akanyowa, ndipo si oyenera kulowa m'mimba. Nthambi za kotapela nazonso zisakhomedwe pa khola, pakuti makungwa ndi masamba ace ali ndi ululu kwa kalulu. Anchito a pa mgodi asatenge migolo ya mankhwala, malamba a makina kapena zidutswa za asibesito kuti amangire khola, ngakhale zipezeke zaulere.

Zoyenera ndizo matabwa a paini ouma osathiridwa mankhwala, nsungwi, njerwa ndi waya wolimba. Waya wa nkhuku uli wofewa. Kalulu angathe kuudula ndi mano, ndipo galu aung'amba. Nkwabwino kukhoma waya m'kati mwa matabwa kuti mano asafike pa mtengo, ndi kupinda nsonga zonse za waya ndi misomali. Maso a waya akhale ang'ono kuti khoswe ndi njoka zisalowe. Pofuna kuletsa ciswe ndi linthumbu, miyendo ya khola iime pa njerwa kapena m'zitini za madzi.

Malata asakhale zipupa za khola. Kalulu satuluka thukuta monga munthu, acotsa kutentha ndi makutu ace, ndipo kutentha kukapitirira madigiri 30 ayamba kubvutika. Khola la malata loima pa dzuwa la October lisanduka ng'anjo. Tsono liime pa mthunzi, mbali imodzi kapena ziwiri zikhale za waya kuti mphepo izipita, ndipo ngati denga liri la malata pakhale udzu pamwamba pace. M'kati mukhale kabokosi ka matabwa kobisalamo, pakuti kalulu ali ndi mantha.

Ukulu wa khola ufunikanso. Bungwe la ku Britain losamala akalulu, lochedwa Rabbit Welfare Association and Fund, lilangiza kuti akalulu awiri akhale ndi malo a mamita 3 m'litali, mamita 2 m'lifupi ndi mita imodzi m'mwamba. Amene alibe malo otere amange mpanda wolumikiza ku khola, kuti akalulu azithamanga ndi kuimirira.

Walira mvula walira matope. Banja limene lalandira akalulu lalandiranso nchito yowayang'anira. Kamodzi pa sabata mwini atembenuze mapazi a kalulu aone ngati ubweya ulipo, ndipo ayang'ane pamene patafunidwa. Ana aphunzitsidwe nchito imeneyi. Kalulu akakhala tsiku lathunthu osadya, kapena ndowe zikaleka kuoneka, asadikire mawa, apite naye kwa dokotala wa ziweto tsiku lomwelo.