Mphunzitsi Amene Anadikira Nyenyezi Pansi pa Nthaka

Nkhani ya sabata ino ndi ya Masatoshi Koshiba, mphunzitsi wa sayansi pa Yunivesite ya Tokyo ku Japan, amene anathera moyo wake akutchera misampha tinthu tosaoneka ndi maso.

Koshiba anabadwa m'chaka cha 1926 mumzinda wa Toyohashi. Ali mnyamata anadwala poliyo, ndipo atalowa yunivesite sanali m'gulu la okhoza bwino. Anamaliza ku Tokyo mu 1951, nalandira digiri ya udokotala ku Rochester, ku America, mu 1955. Atagwirako ntchito ku Chicago, anabwerera kwawo kukaphunzitsa. Maphunziro a fizikisi ali ndi anthu a mitundu iwiri: ena amalosera ndi masamu m'mene chilengedwe chiyenera kukhalira, ena amamanga zida zoyesera ngati oloserawo anena zoona. Koshiba anali wa gulu lachiwirili, lomwe ntchito yake ndi yokumba, kupempha ndalama, kukangana ndi amisiri, ndi kudikira zaka zambiri.

Kumapeto kwa zaka za m'ma 1970, akatswiri a masamu ankati proton, kanthu kamene kali pakatikati pa atomu iliyonse, sikakhala mpaka muyaya, koma tsiku lina kamasweka. Pofuna kuona zimenezi, Koshiba ndi ophunzira ake anamanga thanki ya madzi okwana matani 3,000 mumgodi wa Kamioka, mamita 1,000 pansi pa phiri, kumene mwala umatchinga cheza chochokera mlengalenga. Chidacho anachitcha Kamiokande, ndipo chinayamba ntchito mu 1983.

Apa ndi pamene panaonekera nzeru zake. Ku America, m'chigawo cha Ohio, anzake anali kumanga thanki yaikulu kuposa yake, ndi ndalama zochuluka. Poona kuti pa ukulu sangapikisane nawo, iye anasankha kuti yake ikhale ya maso akuthwa. Anakakamiza kampani ya Hamamatsu kupanga magalasi ozindikira kuwala otambalala masentimita 50, amene kale kunalibe, ndipo pafupifupi 1,000 anawamangirira m'makoma a thankiyo.

Proton sanasweke. Mpaka lero palibe amene anaona proton akusweka. Munthu wina akanangotseka mgodi n'kubwerera kukalasi, koma maso akuthwa aja anali okhoza kuona chinthu china. Pali tinthu totchedwa neutrino, timene timachokera padzuwa ndi pa nyenyezi zina. Timapyola mwala, thupi la munthu, ngakhale dziko lonse ngati palibepo kanthu. Pa chikhadabo chanu pakudutsa mabiliyoni oposa 60 pa sekondi iliyonse. Mwa apo ndi apo kamodzi kamagunda kanthu m'madzi, ndipo pamatuluka kakuwala kofooka kamene magalasi aja amakagwira. Gulu la Koshiba, mothandizana ndi anzawo a ku Yunivesite ya Pennsylvania, linatha miyezi yambiri likuyeretsa madzi ndi kukonzanso chidacho kuti chidzathe kuona neutrino wa padzuwa.

Ntchitoyo itangotha kumene, pa 23 February, 1987, magalasi anaphethira kokwana 11 m'masekondi 13 okha. Sanali wa padzuwa ayi. Nyenyezi yaikulu inali itaphulika m'gulu la nyenyezi lotchedwa Large Magellanic Cloud, kutali kwakuti uthenga wake unayenda zaka zoposa 160,000 usanafike kuno. Thanki ya ku Ohio nayo inagwira 8 pa nthawi yomweyo. Aka kanali koyamba kuti anthu agwire neutrino wochokera ku nyenyezi yophulika. Mwezi wotsatira, mu March, Koshiba anapuma pa ntchito, zaka zake zitakwana monga mwa lamulo la yunivesite. Nyenyeziyo ikanaphulika miyezi yowerengeka m'mbuyomo, chida chisanakonzeke, uthengawo ukanangodutsa. Ena amati unali mwayi chabe, koma mwayiwo unapeza madzi ali oyeretsedwa kale.

Mu 2002 analandira mphoto ya Nobel pamodzi ndi Raymond Davis Jr. ndi Riccardo Giacconi. Koma ntchito ya mtundu uwu siitha ndi munthu mmodzi. Wophunzira wake, Yoji Totsuka, anatsogolera kumanga thanki ina ya matani 50,000, Super-Kamiokande, imene inayamba mu 1996. Mu 1998 gululo linalengeza kuti neutrino amasintha mtundu ali paulendo, kutanthauza kuti ali ndi kulemera, zimene mabuku ambiri ankakana. Mu November 2001 galasi limodzi linaphulika m'madzi, ndipo m'kanthawi kochepa magalasi oposa theka mwa 11,000 anasweka motsatizana. Totsuka analengeza kuti amanganso, ndipo anamangadi.

Totsuka anamwalira ndi khansa mu 2008. Mphoto ya Nobel ya ntchito imeneyi inabwera mu 2015, ndipo popeza siperekedwa kwa omwalira, inapita kwa Takaaki Kajita, wophunzira winanso wa Koshiba, pamodzi ndi Arthur McDonald wa ku Canada. Koshiba anaiona mphotoyo ali moyo. Anamwalira ku Tokyo pa 12 November, 2020, ali ndi zaka 94.