Agogo Asamagwe: Mawu a Mlendo Wolemekezeka pa Tsiku la Anthu Achikulire ku Dedza



A Wapampando wa Khonsolo ya Dedza, Bwanamkubwa wa boma lino pamodzi ndi akuluakulu a nthambi zonse za boma, olemekezeka Aphungu a Nyumba ya Malamulo ndi Makhansala, mafumu athu aakulu, a Gogo Chalo ndi ma Inkosi nonse, kuyambira kwa Kachere, kwa Kaphuka, kwa Kasumbu mpaka kumunsi kwa Kachindamoto, limodzi ndi magulupu ndi nyakwawa zanu, abusa, ansembe, masisitere ndi mashehe, akulu a polisi, madokotala, anamwino ndi alangizi a zaumoyo amene mumapalasa njinga m'midzimu dzuwa likuswa mtengo, nthumwi za bungwe loona za achikulire la MANEPO ndi mabungwe ena, aphunzitsi ndi ana asukulu, atolankhani, a kwaya ndi a magule, amayi amene muli kuseriko pa mafuwa, fungo la ndiwo zanu latifika kale kuno. Ndipo koposa onse, eni ake a tsikuli, agogo athu aamuna ndi aakazi. Ndakuonani nonse, ndipo amene sindinamutchule adziwe kuti ulemu wake ulipo.

Bungwe la United Nations lidasankha mu 1990 kuti pa 1 Okutobala chaka chilichonse dziko lonse lizikumbukira anthu achikulire. Kuno kwathu, kalembera wa mu 2018 adaonetsa kuti pa anthu 100 alionse, pafupifupi asanu ndi a zaka 60 kapena kuposerapo. Boma silinawaiwale. Tili ndi ndondomeko ya anthu achikulire ya mu 2016, ndipo mu 2024 Nyumba ya Malamulo idavomereza lamulo lowateteza. Mtukula Pakhomo, amene adayambira ku Mchinji mu 2006, lero akugulira sopo ndi mchere agogo ambiri amene ali pano. Aphungu athu, manja amenewa ndi anu, tiwaombere.

Komatu lamulo silingamugwire mkono gogo akaterereka ku bafa. Ndi nkhani imeneyo imene yandibweretsa lero, nkhani ya kugwa.

Bungwe loona zaumoyo pa dziko lonse la WHO limati anthu pafupifupi 684,000 amamwalira chaka chilichonse chifukwa cha kugwa. Pa ngozi zonse zopha anthu, zimene zimaposa kugwa ndi ngozi za pamsewu zokha. Mwa anthu 10 omwalira chotere, oposa 8 ndi a m'mayiko osauka ndi ongotukuka kumene, ndipo ochuluka ndi a zaka zoposa 60. Pa anthu atatu amene afika zaka 65, pafupifupi mmodzi amagwa chaka chisanathe. Tayang'anani mzere umene mwakhalawo, muwerenge atatuatatu.

Mwana akagwa amadzuka, kusasa fumbi, n'kupitiriza kuthamanga. Gogo akagwa, makamaka mayi amene adasiya kusamba kalekale, mafupa ake amakhala atapepuka, ndipo limodzi mwa amene amakonda kuthyoka ndi la m'chiuno. Amene mudadikirirapo matenda otere mukudziwa zimene zimatsatira. Ambiri amagonekedwa chagada, mwendo ataubowola ndi kachitsulo n'kumaukoka ndi cholemera, masabata asanu ndi limodzi kapena kuposa. Pamasabata amenewo zilonda zimatuluka kumsana, chibayo chimalowa, thupi limatha. Mwana wamkazi amene akudikirira matendawo wasiya munda, wasiya geni. Tikuyamika kuti ku Kamuzu Central kudamangidwa chipatala cha mafupa cha LION, kumene ena akuchitidwa opaleshoni n'kuimanso ndi miyendo yawo. Koma kuti munthu wothyoka chiuno achoke ku Mtakataka, akwere mapiri a Golomoti, akafike ku Lilongwe, banja limagulitsa mbuzi. Ndipo ena mwa amene amabwerako sayendanso mpaka tsiku lowanyamula. Pamaliro timangoti unali ukalamba. Ine ndikukana. Kunali kugwa, ndipo kugwa kwambiri kumapeweka.

Tsopano ndiloleni ndidzudzuleko pang'ono ana ndi zidzukulu, ndipo ndikudzudzula anthu abwino, osati oipa. Ife a Malawi tidaleredwa ndi ulemu. Gogo akatenga tsache timamulanda. Akati apite kudimba timati, "Agogo khalani pansi, tichita ndife." Akafuna madzi akumwa timathamanga ndi chikho asanasunthe n'komwe. Ndi chikondi chimenecho, sindikutsutsa. Koma gogo amene wakhala pamphasa kuyambira m'mawa mpaka madzulo, mwezi ndi mwezi, miyendo yake imafota. Mphamvu za thupi zili ngati njira ya kumunda: ikapanda kupondedwa dzinja limodzi, udzu umaitseka. Tsiku limene adzadzuke yekha usiku kupita kuchimbudzi, palibe womupatsira mkono, miyendo ija idzamukana.

Palinso ena amene achita mosiyana. Atulira gogo ana asanu, iwo ali ku Lilongwe kapena ku Joni, ndipo gogo wa zaka 75 ndiye akusenza ndowa yodzaza pa chitunda choterera. Zimenezonso ayi. Chimene tikufuna n'chakuti gogo azigwira ntchito yolingana ndi msinkhu wake, tsiku lililonse, ndipo awonjezerepo masewera olimbitsa miyendo.

Ndikudziwa kuti ndikati masewera, ena mukuganiza za mpira kapena zitsulo zonyamula anyamata a m'tauni. Si zimenezo. Ku New Zealand, pa yunivesite ya Otago, akatswiri John Campbell ndi Clare Robertson adakonza m'zaka za m'ma 1990 masewera oti munthu wachikulire azichitira m'nyumba mwake, mphindi 30, katatu pa sabata, n'kuwonjezera kuyenda kawiri pa sabata. Adayamba ndi amayi a zaka 80 ndi kuposerapo. Kugwa kudachepa ndi magawo 35 pa 100 alionse. Mu 2019 akatswiri a bungwe la Cochrane adasonkhanitsa kafukufuku 108 wokhudza anthu oposa 23,000, ndipo adapeza kuti masewera otere amachotsa pafupifupi kugwa kumodzi pa kanayi kalikonse. Palibe jakisoni kapena piritsi limene lidalowapo.

Tiyeni tiyese pompano. Amene muli pa mipando, ndipo mukudziwa kuti mutu sukuzungulira, pindani manja pachifuwa. Dzukani osagwira paliponse. Khalaninso pang'onopang'ono, osadziponya. Kachiwiri. A Khansala, ndakuonani mwagwira bondo, chonsecho imvi mulibe! Agogo aakazi ali kutsogoloku akuposani.

Masewera oyamba ndi amenewo. Munthu ayambe ndi kasanu, ndipo pakapita masabata afike pa khumi. Amene sangathe opanda manja ayambe ndi manja, si mlandu. Kenako agwire khoma kapena mtengo wa pakhomo, anyang'ame ndi zala za kumapazi, atsike, abwereze. Ali chigwirire khomalo, aime ndi mwendo umodzi akuwerenga mpaka khumi, asinthe mwendo. Mdzukulu alembe mzere pabwalo ndi kamtengo, gogo ayende pamzerepo chidendene chikugunda zala za phazi linalo, mdzukuluyo ali pambali. Ayendeko cham'mbali, ayendeko chobwerera m'mbuyo. Chinsinsi chake n'chakuti masewerawa azilimbako pang'ono pamene thupi likuzolowera, ndipo asalekezedwe, chifukwa munthu akasiya, mphamvu zija zimabwerera kumene zidachokera. Amene akumva kupweteka pachifuwa, befu kapena chizungulire, aleke kaye akaonane ndi achipatala.

Koma miyendo payokha siyendetsa munthu. Kuti muyende kuchokera pano kukafika pamsewu, maso akuyeza dzenje, makutu akumvera njinga yamoto ikubwera kumbuyo, mapazi akuuza mutu kuti apa pali mchenga, ndipo ubongo ukulumikiza zonsezi m'kanthawi kochepa. Tikamakula, ntchito yolumikizayi imachedwa. Mu 1997 akatswiri ena ku Umeå, m'dziko la Sweden, adaona kanthu kakang'ono. Poyenda ndi anthu achikulire ankawayambitsa nkhani, ndipo ena ankaima kaye kuti ayankhe, osatha kuyenda ndi kulankhula nthawi imodzi. Ambiri mwa amene ankaimawo adagwa miyezi 6 isanathe. Ndiye mukamaperekeza agogo ku tchalitchi kapena ku mzikiti, muzionetsetsa. Sindikunena oima kuti apereke moni mwaulemu, amenewo ndi mwambo wathu. Ndikunena amene funso lililonse limawaimitsa.

Ubongo nawo umaphunzitsika. Gogo akamayenda pabwalo losesedwa bwino, wina ali pambali, aziwerenga chobwerera kuyambira pa 50, kapena azitchula maina a zidzukulu zake motsatana, kapena midzi yonse ya pakati pa kwawo ndi pa boma. Bawo musaitaye, ndipo abambo, amayi nawonso apatseni mpata pa bawopo. Ku China achikulire amasonkhana m'mawa kuchita tai chi, masewera oyenda mwapang'onopang'ono osamutsa thupi kuchoka pa mwendo wina kupita pa wina, ndipo kafukufuku adaonetsa kuti amachepetsa kugwa. Ine ndikaona amayi a chimtali amene ativinira aja, ndikuona zofanana: phazi likutsata ng'oma, pakamwa pakuimba, mutu ukukumbukira sitepe, maso ali pa mnzako. N'chifukwa chake zimandiwawa ndikamva mwana akuuza mayi ake kuti, "Mwakula, musamavine, mukutichititsa manyazi." Manyazi ake ati? Asiyeni avine.

Agogo anga, pali mdani wina amene amabwera munthu akagwa kamodzi, ndiye mantha. Munthu amaleka kupita kumsika, amaleka kumaliro, amaleka ku mapemphero, kuopa kugwanso. Akakhala pansi miyendo imafookeratu, ndipo kugwa kwachiwiri kumabwera msanga kuposa koyamba. Ambirinso mumabisa mukagwa, kuopa kuvutitsa ana. Musabise. Nenani, ngakhale simunavulale, kuti achipatala afufuze chimene chakugwetsani. Mwina ndi mankhwala a BP amene akukuchititsani chizungulire mukadzuka mofulumira. Musawasiye nokha, kawafotokozereni adokotala, ndipo podzuka muziyamba mwakhala kaye tsonga. Mwina ndi shuga amene wachititsa dzanzi kumapazi. Mwina ndi ng'ala, imene ku Nkhoma, pafupi pompa, amaichotsa munthu n'kuonanso. Ndipo abambo ena, tinene zoona, chimene chimakugwetsani ndi kachasu. Ndodo musachite nayo manyazi. Mafumu ali apawa amayenda nayo, ndani adawasekapo?

Za pakhomo ndingodutsamo, mukuzidziwa: ndere pa miyala ya ku bafa, khasu losiyidwa panjira, khonde lalitali lopanda chopondera, patapata wakutha, njira ya kuchimbudzi yopanda tochi. Mwana amene amagula mayunitsi tsiku lililonse sangalephere kugulira gogo tochi. M'chimbudzimo zikani mtengo wolimba woti azigwira ponyonyomala ndi podzuka. Ndipo usipa ndi matemba, zimene timadya ndi minga yomwe, zimalimbitsa mafupa. Gogo asamangopatsidwa msuzi.

Mafumu anga, ili ndi lanu. Munthu wachikulire amene mutu wayamba kusokonezeka amatha kutuluka usiku, kusochera, kugwa, n'kupezeka m'mawa pakhomo pa eni ali mbuu, osadziwa kumene ali. M'malo momufunditsa nsalu, anthu amatola miyala, amvekere wagwa pa ndege ya ufiti. Ameneyo ndi wodwala. Matenda oiwala alipo dziko lonse lapansi, ndipo amagwira aphunzitsi, abusa ndi mafumu omwe. Kutchula munthu kuti ndi mfiti ndi mlandu pa malamulo a dziko lino. Ndikupempha kuti m'mudzi mwanu gogo wopezeka atagwa muzithamangira naye kuchipatala, ndipo woyamba kutola mwala azikaonekera ku polisi.

A zaumoyo, sukulu ya KUHeS ikutulutsa akatswiri a mafizo, koma ndi ochepa, sangafike mudzi uliwonse. Aphunzitseni alangizi athu masewera amene taonetsa pano, kuti akamapita ku sikelo ya ana azipatulako mphindi zochepa za agogo amene abwera ndi anawo. Aliyense wa zaka 60 akabwera kudzayezetsa BP, mufunseni ngati wagwapo chaka chino. Abusa ndi mashehe, mabenchi muli nawo kale, ndipo achikulire amabwera okha sabata iliyonse; apatseni mphindi khumi mapemphero akatha. Aphunzitsi, auzeni ana kuti homuweki ina ndi kuyenda ndi agogo pamzere. A Khonsolo, pomanga mijigo, zimbudzi za pamsika ndi masitepe a zipatala, kumbukirani poti munthu agwire.

Ndipo inu agogo, musadikire kuti boma libwere ndi galimoto. Mawa m'mawa, phala lisanapse, gwirani khoma la nyumba yanu, muyambe ndi kasanu. Mukaitane ndi anzanu a nyumba yoyandikana nayo.

Mulungu akudalitseni nonse, ndipo adalitse dziko lathu la Malawi.