Zimene Ndimayang'ana Poweruza Zithunzi: Mawu a Mnzathu pa Msonkhano wa Pachaka



Komiti yathu yaganiza zoyambitsa mpikisano wa zithunzi wa ana a sukulu ino, ndipo yandipempha kuti ndikhale mmodzi wa oweruza. Ndisanavomere, ndati ndiyambe ndanena maganizo anga poyera, kuopa kuti mawa wina angadzati mphoto inapita kwa mwana wa mnzanga.

Ine ntchitoyi ndinayamba nthawi ya filimu. Filimu imodzi inkalowa zithunzi 36 basi, ndipo kukatsukitsa kunkafuna ndalama. Usanadinize batani unkayamba waganiza kawiri. Lero mwana wa Fomu 1 akhoza kujambula zithunzi mazana pafoni asanadye nkhomaliro. Zimenezo sindidandaula nazo, koma ntchito ya woweruza yakula.

Funso langa loyamba ndi ili: kodi chimene ndikuonachi chinachitikadi? Mu 2009, pa mpikisano wa Wildlife Photographer of the Year wa ku London, José Luis Rodríguez wa ku Spain anapambana ndi chithunzi cha mmbulu ukulumpha geti. Mu 2010 anamulanda mphotoyo, oweruza atakhutira kuti mmbuluwo unali woweta. Mu 2023, Boris Eldagsen wa ku Germany anapambana gawo lina la Sony World Photography Awards, koma iye yekha anakana mphoto, n'kunena kuti chithunzicho chinapangidwa ndi kompyuta ya AI, osati kamera. Akulu anati chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere.

Funso lachiwiri ndi la munthu wojambulidwayo. Mu 1993, Kevin Carter wa ku South Africa anajambula mwana wofooka ndi njala ku Sudan, muimba utatera kumbuyo kwake. Chithunzicho chinalandira mphoto ya Pulitzer mu 1994, ndipo chinadzutsa dziko pa za njalayo. Koma anthu ambiri anafunsanso kuti wojambulayo anachitapo chiyani pa mwanayo. Ana athu adzajambula odwala, amasiye ndi okalamba a m'midzi yotizungulira. Ndidzafuna kudziwa ngati anapempha chilolezo, ndiponso ngati mwiniwakeyo angakondwe kudziona atapachikidwa pakhoma.

Musaganize kuti ndimadana ndi zithunzi zokonzekera. Seydou Keïta ndi Malick Sidibé a ku Bamako, m'dziko la Mali, ankajambula anthu m'situdiyo atavala zovala zawo zapamwamba, wina atanyamula wailesi, wina atakhala panjinga yamoto. Ndi zomwe zija tinkachita ifenso patchuthi kuti titumize kwa chibwenzi. Mu 2007 Sidibé analandira Golden Lion yolemekeza ntchito ya moyo wake wonse pa chionetsero cha Venice Biennale, woyamba mwa ojambula zithunzi kulandira ulemu umenewo. Luso la masiku ano limalola munthu kukonza malo, kusintha mitundu, ngakhale kuphatikiza zithunzi ziwiri. Chimene ndimakana ndi kubisa. Wakonza, anene kuti wakonza.

Nanenso ndinalakwapo. Chaka china ndikuweruza mpikisano wina waung'ono, ndinapereka mphoto kwa chithunzi cha dzuwa likulowa panyanja, chifukwa chinali chowala bwino, chopanda chilema. Ndinasiya cha mtsikana wina amene anajambula agogo ake akupeta chimanga, chifukwa manja awo sanaoneke bwinobwino. Nditafika kunyumba ndinazindikira kuti manjawo anatero chifukwa anali pantchito, ndipo moyo wa chithunzicho unali pomwepo. Dzuwa lija ndinaliiwala sabata yomweyo, koma agogo aja ndimawaonabe. Mtsikanayo sindinamuuze kanthu, ndipo chimenecho chimandiwawa mpaka lero.

Tsono ndikupempha komiti zinthu zinayi. Choyamba, magawo akhale awiri: la zochitikadi ndi la zaluso. Chachiwiri, oweruza tikhale atatu, poti mutu umodzi susenza denga, ndipo tione manambala okha, osati mayina a ana. Chachitatu, wofika kumapeto abweretse chithunzi chake monga chinatulukira mu kamera kapena mu foni. Chachinayi, mwana aliyense, wopambana kapena ayi, auzidwe chabwino chimodzi cha pachithunzi chake ndi chimodzi choti akonze.

Kwa inu anzanga, amene muli ndi kamera yongogona m'kabati, ibweretseni kwa a Mlembi, kuti mwana wopanda foni asatsale. Ngati komiti ivomera zinayizi, a Pampando, lembani dzina langa.