Mawu a Mlendo Wolemekezeka pa Mwambo Wotsekera Maphunziro a Alangizi Oyendera Amayi Oyembekezera M'makomo



Mwambo uno wakonzedwa pofuna kulemekeza anthu amene avomera ntchito yovuta yoyendera amayi oyembekezera m'makomo mwawo, makamaka amayi amene ali pachiopsezo, ndi cholinga choti nkhanza za m'banja zipewedwe zisanayambe, ndipo pamene zayamba kale zidziwike msanga moyo wa mayi ndi wa mwana usanaonongeke. Nkhanza za m'banja zimene zikunenedwa pano ndi mchitidwe uliwonse wozunza umene munthu amachitira mnzake wa m'nyumba imodzi, monga kumenya, kukakamiza kugonana, kunyoza ndi kuopseza, kumana chakudya kapena ndalama, ngakhalenso kuletsa mayi kupita ku sikelo. Mayi amene ali pachiopsezo ndi amene moyo wake uli ndi zinthu zomuika pafupi ndi nkhanzazo: mtsikana amene watenga pakati ali wamng'ono, mayi amene mwamuna wakana mimba yake, amene ali pa umphawi wadzaoneni, amene mwamuna wake amaledzera mosadziletsa, amene anamenyedwapo kale, komanso amene ali kuchitengwa kutali ndi abale ake ndipo alibe womudandaulira.

Kukula kwa vutoli kumadziwika bwino. Bungwe la zaumoyo padziko lonse la WHO limanena kuti pafupifupi mayi mmodzi mwa amayi atatu alionse padziko lapansi anamenyedwapo kapena kukakamizidwa kugonana pa moyo wake, ndipo kawirikawiri wochita zimenezi amakhala mwamuna wake kapena chibwenzi chake. Kuno ku Malawi, kafukufuku wa chiwerengero cha anthu ndi zaumoyo wa mu 2015 ndi 2016 anapeza kuti amayi 42 mwa amayi 100 alionse amene anakwatiwapo anachitiridwapo nkhanza ndi amuna awo, kuti amayi 5 mwa 100 alionse amene anakhalapo ndi pakati anamenyedwapo ali oyembekezera, ndiponso kuti atsikana 29 mwa 100 alionse a zaka za pakati pa 15 ndi 19 anali atabereka kale kapena anali ndi pakati. Mayi womenyedwa ali ndi pakati amatha kupita padera, kutaya magazi ambiri, kubereka masiku asanakwane kapena kubereka mwana wosakwana makilogalamu 2.5, ndipo ambiri amagwidwa ndi matenda a nkhawa amene amawalepheretsa kudya bwino, kumwa mankhwala ndi kuyamwitsa mokwanira. Mwana wobadwira m'nyumba yotero amakhalanso pafupi ndi chibakera chomwecho, chifukwa dzanja lomenya mayi silichedwa kufika pa mwana.

Nthawi ya pakati ndi yoyenera kuchitapo kanthu chifukwa cha zinthu ziwiri. Choyamba, mimba imabweretsa mikangano imene inalibe mpata kale: ndalama yokwerera kabaza popita ku sikelo, zitenje ndi beseni zochirira, kukayikirana pa za mwini mimba, komanso zotsatira za kuyezetsa magazi, zimene mayi amayamba kuzimva yekha kuchipatala n'kusowa poyambira pouza mwamuna wake. Chachiwiri, iyi ndi nthawi imene banja limatsegulira khomo wazaumoyo popanda kumukayikira, popeza aliyense amafuna kuti mwana abadwe wamoyo. Mlangizi amalowa m'nyumba chifukwa cha mimba, koma akakhala wophunzitsidwa bwino amaona zambiri zimene namwino wa ku sikelo, amene amakhala ndi mzere wautali wa amayi panja, sangathe kuziona pa mphindi zochepa.

Njira imeneyi inayesedwa kale ndipo umboni wake ulipo. Kumapeto kwa zaka za m'ma 1970, katswiri wina wa kakulidwe ka ana, David Olds, anayambitsa kafukufuku m'tauni ya Elmira, m'chigawo cha New York ku America, pakati pa amayi 400 amene anali ndi mimba yoyamba, ambiri mwa iwo achichepere, osakwatiwa kapena osauka. Ena mwa amayiwo ankayenderedwa ndi namwino kuyambira ali ndi pakati mpaka mwana atakwanitsa zaka ziwiri, ndipo patapita zaka 15 zinapezeka kuti milandu yotsimikizika ya kuzunza ndi kulekerera ana inali yochepa pafupifupi ndi theka m'mabanja amene ankayenderedwa. Ntchitoyi, imene tsopano imatchedwa Nurse-Family Partnership, inayesedwanso ku Memphis ndi ku Denver, kenako inafalikira kumayiko ena monga England ndi Netherlands. Ku Netherlands, kumene imatchedwa VoorZorg, kafukufuku anasonyeza kuti amayi achichepere amene ankayenderedwa anachitiridwa nkhanza zochepa ndi amuna awo poyerekeza ndi anzawo amene analandira chisamaliro cha masiku onse.

Komabe kafukufuku yemweyo wa ku Elmira anaphunzitsa chinthu china chimene msonkhano uno uyenera kuchisunga: m'mabanja mmene mayi ankamenyedwa kawirikawiri, phindu la maulendowo pa chitetezo cha ana linkachepa mpaka kuzimiririka. Kufika pakhomo kokha, kupereka malangizo a kadyedwe n'kubwerera, sikuteteza mwana ngati mlangizi sakhudza nkhani ya nkhanza zimene mayi akukumana nazo. Ku Denver kunaonekanso kuti alangizi amene sanali anamwino anabweretsa kusintha kochepa poyerekeza ndi anamwino, zimene zikanatha kufooketsa mayiko amene ali ndi anamwino ochepa. Chilimbikitso chinachokera ku Rwanda, kumene ntchito yotchedwa Sugira Muryango inagwiritsa ntchito anthu wamba a m'midzi, ophunzitsidwa mokwanira ndi kuyang'aniridwa mwachidwi, amene ankayendera mabanja osaukitsitsa a ana aang'ono ndi kukambirana ndi bambo ndi mayi pamodzi, ndipo nkhanza kwa amayi komanso kulanga ana mwankhanza zinachepa. Phunziro lake n'lakuti chofunika ndi maphunziro, kuyang'aniridwa, ndi kubwerera kwa munthu yemweyo pakhomo lomwelo mpaka mayi atamukhulupirira.

Malawi sakuyambira pansi, chifukwa dziko lino lili kale ndi alangizi a zaumoyo amene amakhala m'midzi momwemo, ndipo ndondomeko ya chisamaliro cha amayi ndi makanda kumudzi imawapatsa udindo woyendera mayi katatu ali ndi pakati ndi katatu m'masiku 8 oyambirira mwana atabadwa. Chimene maphunziro ano awonjezera ndi luso loona, lofunsa ndi losunga chinsinsi. Mlangizi akafika pakhomo n'kuyaliridwa mkeka pakhonde, mwamuna akukonza njinga chapafupi ndipo apongozi akutong'ola chimanga pambali, imeneyo si nthawi yofunsa za nkhanza, chifukwa funso lofunsidwa pamaso pa anthu lingathe kumenyetsa mayiyo usiku womwewo. Mlangizi wanzeru amakamba za magazi, za neti yoteteza ku udzudzu ndi za tsiku la sikelo, uku akuona ngati mwamuna akuyankha mafunso onse m'malo mwa mkazi wake, ngati mayiyo akuyang'ana pansi nthawi zonse, ngati pali chotupa chimene kufotokoza kwake sikukumveka, kapena ngati buku la kuchipatala likusonyeza kuti sikelo inadumphidwa. Kenako amapempha mayiyo kuti amuperekeze kukaona chimbudzi ndi dzenje la zinyalala, monga ntchito yake imafunira, ndipo ali awiriwiri kuseri kwa nyumba amafunsa modekha ngati pakhomopo pali mtendere komanso ngati pali wina amene amamuopa.

Mayi akaulula, malangizo a WHO amatchula zinthu zisanu zoyenera kuchita: kumvetsera mosaweruza, kufunsa zimene mayiyo akusowa, kumutsimikizira kuti wamveka ndipo mlandu si wake, kukonza naye njira zodzitetezera, ndi kumulumikiza ku thandizo lina. Njira zodzitetezera ndi zinthu zing'onozing'ono zimene zimapulumutsa moyo, monga kusungitsa kwa mnansi wodalirika buku la kuchipatala, chiphaso cha unzika, zitenje ndi kandalama ka ulendo, kugwirizana ndi mnansiyo chizindikiro choti abwere msanga akachimva, ndi kukonza zoti mayiyo apite kuchidikiro, nyumba yodikirirako kuchira imene imakhala pafupi ndi chipatala, masiku ake akayandikira. Zimene mayi waulula siziyenera kulembedwa m'buku la kuchipatala limene limagona m'nyumba momwemo, siziyenera kukambidwa pamjigo, ndipo mlangizi sayenera kukadzudzula mwamunayo payekha. Sayeneranso kulamula mayiyo kuti athetse banja kapena kuti apirire, popeza mwini moyo ndi amene amadziwa kukula kwa ngozi yake, ndipo nthawi yochoka pabanja imakhalanso yoopsa ikapanda kukonzekeredwa.

Mlangizi sagwira ntchitoyi yekha, chifukwa malamulo a dziko lino anamukonzera kale kotumiza anthu. Lamulo loletsa nkhanza za m'banja la mu 2006 limapatsa khoti mphamvu yotulutsa chikalata choteteza wochitiridwa nkhanza, ngakhalenso cholamula kuti wozunzayo atuluke m'nyumba. Lamulo la maukwati la mu 2015 ndi kusintha kwa malamulo aakulu a dziko mu 2017 zinatsimikiza kuti munthu wosakwana zaka 18 ndi mwana ndipo sayenera kukwatiwa, choncho mtsikana woyembekezera wa zaka zimenezi ayenera kutetezedwa ngati mwana. Kupolisi kuli maofesi othandiza ochitiridwa nkhanza, m'zipatala zina muli malo a Chikwanekwane kumene dokotala, wapolisi ndi wosamalira anthu amapezeka pamodzi, ndipo manambala a ulere a 5600 ndi 116 alipo pa nkhani za nkhanza kwa amayi ndi kwa ana. Maofesi amenewa ayenera kulandira mwaulemu mayi aliyense wotumizidwa ndi mlangizi, chifukwa mayi amene wabwezedwa kamodzi sabwereranso ndipo amauza anzake kuti kumeneko kulibe thandizo.

Mafumu, ankhoswe, anankungwi ndi atsogoleri a zipembedzo ali ndi gawo limene boma silingawagwirire. Mawu akuti banja ndi kupirira anali olimbikitsa anthu pa nthawi ya njala ndi matenda, koma akagwiritsidwa ntchito pobweza mayi wapakati kwa munthu amene wamuvulaza, amasanduka chilolezo cha nkhanza. Ankhoswe angathe kuyanjanitsa anthu amene asemphana mawu, koma kuvulaza munthu ndi mlandu umene malo ake ndi kupolisi ndi kukhoti. Abambo nawonso ayenera kumva kuti mlangizi sabwera kudzapasula mabanja, popeza akuluakulu anati mlendo amadza ndi kalumo kakuthwa, ndipo bambo amene amakhala nawo pa zokambirana za kukonzekera kubadwa kwa mwana, za kagwiritsidwe ntchito ka ndalama ndi za kuthetsa mkangano popanda kukweza dzanja amapindula pamodzi ndi banja lake lonse.

Boma ndi mabungwe othandiza ayenera kukumbukira kuti satifiketi imene yaperekedwa lero siyenda yokha. Mlangizi amene amayang'anira midzi yambiri, ali ndi katemera, sikelo ya ana ndi ukhondo pamutu pake, sangabwerere kwa mayi mmodzi kangapo ngati alibe njinga yoyenda, mayunitsi a foni ndi woyang'anira amene amakhala naye pansi mwezi uliwonse kuti akambirane nkhani zolemera zimene wamva komanso za chitetezo chake iye mwini. Khonsolo ya boma ikupemphedwa kuika zofunika zimenezi mu ndondomeko yake ya chuma, ndipo akuluakulu a zaumoyo akupemphedwa kuonetsetsa kuti amayi amene ali pachiopsezo chachikulu akuyenderedwa kawirikawiri kuposa ena.

Alangizi amene atsiriza maphunziro akuyamikiridwa chifukwa cha khama lawo, aphunzitsi awo chifukwa cha kudzipereka, ndi mafumu chifukwa cholonjeza kuwatsegulira midzi yawo. Ndi mawu amenewa, maphunziro a alangizi oyendera amayi oyembekezera m'makomo atsekedwa.