Za Therere Lochedwa Brahmi ndi Nzeru za Ana a Sukulu

Palibe mphunzitsi amene sanadandaulepo ndi mwana woiwala msanga, amene lero awerenga bwino, koma m'mawa mwace zonse zamuthawa. Cifukwa cace mbiri ya mankhwala oti akumbutsa imakoma m'makutu a aphunzitsi ndi a makolo omwe, ndipo iyenera kuyesedwa isanalandiridwe.

Mwa mankhwala otere, ena omveka ndiwo a ku India ochedwa brahmi, amene anzeru a zomera amawacha Bacopa monnieri. Ndi katherere koyanga pansi, komera m'matope, m'mbali mwa maiwe ndi m'minda ya mpunga. Masamba ace ali ang'ono ndi onenepa, owawa polawa, ndi maluwa ace oyera kapena obiriwira pang'ono ngati thambo. Dzinali licokera kwa Brahma, amene Ahindu amati ndiye mlengi. Asing'anga a kumeneko, otsata mwambo wa Ayurveda, akhala akupatsa anthu thererelo kuyambira kale lomwe, kawirikawiri losanganiza ndi mafuta a mkaka wa ng'ombe, kuti lilimbitse cikumbukiro, licepetse nkhawa, ndi kuthandiza odwala khunyu ndi misala. Koma pali cobvuta cimodzi: m'madera ena a India dzina lomwelo limanena comera cina, Centella asiatica, kotero kuti wowerenga mabuku akale sangadziwe nthawi zonse kuti anena citi.

Tsono anzeru a sayansi sakana mau a akulu, koma afunsa funso lao limodzi: kodi womwa mankhwala aposa wosamwa? Njira yace ndi iyi. Anthu agawidwa magulu awiri mwa maere. Ena alandira mankhwala eni eni, ena mbulu zofanana nawo koma zopanda kanthu, ndipo womwa ngakhale woyesa sadziwa amene walandira ziti kufikira mayeso atatha. Atero cifukwa munthu wokhulupirira kuti wamwa mankhwala amamva bwino ngakhale wameza ufa wacabe.

M'caka ca 2001 Stough ndi anzace a ku Melbourne, m'dziko la Australia, anafalitsa mayeso otere. Anthu akulu 46 a moyo wabwino anagawidwa, ndipo ena anamwa mamiligalamu 300 tsiku ndi tsiku. Atapita masabata 5 sipanaoneke kusiyana. Atakwana masabata 12 akumwa brahmi anaposa anzao pa kufulumira kuzindikira zimene maso aona, ndi pa kuphunzira mau atsopano. Caka cotsatira, 2002, Roodenrys ndi anzace a ku Wollongong anayesa anthu 76 a zaka 40 kufikira 65. Iwo anapeza cinthu cimodzi cokha cooneka bwino: akumwawo sanaiwale msanga zimene anaphunzira catsopano. Pa kuchera khutu ndi pa kusunga mau m'mutu kanthawi kocepa sanasiyane ndi anzao.

Apa mpoyenera kuima pang'ono. Mayeso awiriwa sabvomerezana m'zonse, ndipo anthu ace ndi owerengeka, osakwanira ngakhale kudzaza sukulu yaing'ono ya kumudzi. M'caka ca 2014 Kongkeaw ndi anzace a ku Thailand anasonkhanitsa mayeso 9, a anthu 518 pamodzi, nawapenda monga amodzi. Mathero ao anali odzicepetsa: thererelo lingathe kuthandiza, makamaka kufulumiza maganizo, koma afunika mayeso akulu ndi olongosoka asananene motsimikiza. Ameneyo ndiye mneni woona, amene sapitirira pamene umboni wace walekeza.

Nanga ana? Ambiri a mayesowa anacitika pa akulu. Ena anafalitsidwa m'caka ca 2022, a anyamata a ku Australia a zaka 6 kufikira 14, osakhazikika ndi osamvetsera. Ndipo pa makhalidwe ao sipanaoneke kusiyana kweni kweni pakati pa magulu awiriwo. Mphunzitsi woyembekeza kuti mbulu zidzakhalitsa pansi mwana wojijirika alibe pogwira polimba.

Zobvuta zace zidziwika bwino: mseru, kupotokola kwa m'mimba ndi kutsegula m'mimba, makamaka pomwa wosadya kanthu. Cina coopsa ncakuti comeraci cimayamwa zitsulo za ululu, monga ntobvu, m'madzi onyansa m'mene cimera, ndipo wozula pa ngalande ya m'tauni angameze ululu pamodzi ndi mankhwala. Amalonda nawo sacita manyazi. M'caka ca 2019 a boma la America oyang'anira zakudya ndi mankhwala, ochedwa FDA, analembera makalata a cenjezo ogulitsa ena amene ananena kuti mbulu zao za brahmi ziciritsa nthenda ya kuiwala kwa okalamba, yochedwa Alzheimer, popanda umboni.

Koma za khunyu ndizo zifuna kusamala koposa, pakuti mwana wakugwa apezeka m'sukulu zambiri. Umboni wakuti brahmi aletsa kugwa ucokera makamaka ku makoswe ndi mbewa za m'nyumba zoyeseramo, si kwa anthu ai. Mankhwala a cipatala, monga phenobarbital, amene anayamba kugwira nchito pa khunyu m'caka ca 1912, aletsa kugwa mwa odwala ambiri, ndipo kuwaleka mwadzidzidzi kungautse kugwa kosalekeza kumene kumapha. Kholo likafika kwa mphunzitsi ndi botolo la therere, nilifunsa ngati mwana aleke mbulu za kucipatala, yankho lace ndi lakuti asaleke, koma botololo apite nalo kwa dotolo, akalione.