Mkondo wa Sauli

Ulaliki wolalikidwa ku Kande, kufupi ndi Bandawe. Mau: 1 Samueli 20:24-34.

M'mau tawerengawa mfumu Sauli ali pa chakudya ndi mwana wache Jonatani. Malo a Davide ali opanda munthu, ndipo mfumu ifunsa chifukwa chache. Jonatani ayankha mofatsa. Pomwepo Sauli apsa mtima, atukwana mwanayo pamodzi ndi amai ache omubala, namponyera mkondo. Jonatani anyamuka osadya kanthu.

Tsono tifunse, kodi Jonatani anaononga chiani? Sauli anali kuopa Davide, kuti adzamlanda ufumu; koma Davide anali kutali, ndipo mkondo unatsata amene anali pafupi. Mkwiyo wotere ndiuona m'nyumba zathu kuno ku nyanja. Bambo wachezera usiku wonse m'bwato ndi chilimila, usipa wosaoneka, ngongole ya mafuta iri pomwepo. Afika kwao m'mawa, apeza mwana wagwetsa mbale ya kondowole, ndipo mwanayo alipira zonse, mbale, usipa ndi ngongole yomwe. Amai inu musaseke. Pobwera kobviika chinangwa muli otopa, lilime lanu lipweteka koposa ndodo.

Wina adzati, Kodi Miyambo siinena za ndodo? Inenadi, ndipo Eli anatsutsidwa chifukwa sanaletsa ana ache. Sinditi mwana akule wosadzudzulidwa ai. Koma Paulo, polembera Aefeso (6:4) ndi Akolose (3:21), achenjeza atate omwe, kuti ukali wao ukhoza kuwawitsa ana ndi kuwafooketsa. Mwana wolangidwa pa chimene anachita adziwa chifukwa chache, naphunzira. Wolangidwa pa chimene nyanja inachita aphunzira kubisala ndi kunama. Akakula akwera basi ya ku Joni, ndipo kwao sakukumbukanso.

Inu asodzi mudziwa mwera. Ukaomba mu June ndi July simukankha bwato, ngakhale m'nyumba mulibe ndiwo. Mudikira kufikira nyanja itagona. Mu July 1946 sitima ya Vipya, yatsopano ndi yachitsulo, inagubuduka ndi mphepo kufupi ndi Chitimba, ndipo anthu 145 anafa. Ngati muopa madzi owinduka, mugwiriranji mwana mtima wanu uli wowinduka? Turukani panja, khalani pansi pa mtengo, muuze Mulungu chimene chakupwetekani, ndi kuchitchula dzina lache lenileni. Mukabwera, muyambe mwamfunsa mwanayo. Kawiri kawiri mudzapeza kuti mlandu wache ndi waung'ono, woti mau okha aukwanira.

Ine ndemwe ndinagwa m'chimo ili. Tsiku lina ndinakangana ndi mnansi pa za malire a munda, ndipo sindinamyankha, pakuti ndinaopa kuti anthu anganene kuti mlaliki ndi wandeu. Madzulo mwana wanga wamwamuna anaswa galasi la nyali, ndipo ndinammenya koposa muyeso. Usiku umenewo anakagona kwa agogo ache. Dzuwa linalowa ndisanakonze kanthu, ine amene ndinaphunzitsa ena Aefeso 4:26. M'mawa ndinapita, ndinakhala pansi pamaso pa agogowo, ndi kunena, Mwana wanga, ndakulakwira, undikhululukire. Ena a m'mudzi anaseka, nati munthu wamkulu sapepesa mwana. Galasi lina ndinagula ku Chintheche tsiku lomwelo. Koma panapita masabata awiri mwanayo asanakhalenso pafupi ndi ine pa mphasa.