Gitala Wamagetsi Akamalira Yekha pa Msonkhano

Lero sindinena za manyowa kapena za kudulira khofi ayi. Tsiku lina tinali ndi msonkhano kuno ku Misuku, ndipo anyamata a kwaya anadza ndi gitala wamagetsi kudzasangalatsa anthu. Atatha kuimba anamtsamiritsa pa chimkuzamawu. Mfumu itangoyamba kunena za tsiku loperekera khofi, gitala uja anayamba kulira yekha, tswii! Anthu ena, ochokera kutali kufupi ndi nkhalango ya Mughese, anabwerera kwawo osamva tsikulo.

Matenda amenewa tiwafufuze monga tichitira ndi mtengo wofota, chinthu chimodzi pa nthawi imodzi.

Poyamba gwirani nsambo zonse ndi chikhato. Kulira kukaleka, dziwani kuti mawu otuluka m'chimkuzamawu ndiwo agwedeza nsambo, nsambozo n'kuwabwezanso m'chimkuzamawu, ndipo amangozungulira akukulirakulira. Woimba aime kumbuyo kapena pambali pa chimkuzamawu, achepetse mawu, ndipo akatha kuimba atsekeretu gitala asanamuike pansi. Ili ndilo linali vuto lathu tsiku lija.

Ngati mluzu wosongoka upitirira chigwirire nsambo, yang'anani kachipangizo ka maginito kokhala pansi pa nsambo, kamene anyamata amati pikapu, ngakhale sikanyamula matumba. Kakakhala kogwedera, mangani timisomali take ndi kuikako kasiponji kunsi.

Palinso kulira kwina kwapang'ono konga belu, komveka ngakhale magetsi atazima. Kumeneko kuchokera ku zidutswa za nsambo zotsalira kumutu kwa gitala, kapena ku masipuling'i okhala kumsana kwa magitala ena. Kansalu kakale ka chitenje kokulunga pamenepo kathetsa zonse popanda kutaya ndalama.

Kung'ung'uza konga njuchi kawirikawiri si mlandu wa gitala. Yesani waya wina, ndipo sunthirani kutali invata ya batire ya sola. Nkhungu ya m'mapiri athu ano, yokomera khofi, imachititsanso dzimbiri pobayira waya. Pukutanipo bwino, ndipo gitala asagone pansi.

Inu mafumu, musalole mwana kutsegula ampulifaya, chifukwa ena amasunga magetsi ngakhale atazimitsidwa. Ndipo uzani anyamata ayese zida zawo anthu asanasonkhane.

Sabata yamawa tidzakambirana za kuyanika khofi pa thandala. Tsalani bwino.